Manda Atatu a Banja la Livingstone

Ambiri a ife tinamvapo dzina la Dotolo David Livingstone. Timauzidwa za maulendo ake ataliatali, za nyanja ndi mitsinje imene anaiona, ndi za kudana kwake ndi malonda a akapolo. Koma ndi owerengeka amene amauzidwa za misozi yake, ndi za anthu amene anamsamala atafa. M'kabuku kano tifuna kulongosola za maliro awiri amene anasiya manda atatu. Manda oyamba ali ku Shupanga, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, m'dziko la Mozambique. Achiwiri ali kwa Chitambo, m'dziko la Zambia. Achitatu ali mumzinda wa London, ku England. Pakuwerenga nkhaniyi tidzaona mmene anthu a mitundu yosiyana, ndi a zipembedzo zosiyana, anachitira pamene imfa inalowa pakati pawo.

Mary, mwana wa Moffat

Mkazi wa Livingstone dzina lake anali Mary. Iyeyu anabadwira mu Afirika, pamalo otchedwa Griquatown, m'chaka cha 1821. Atate wake anali Robert Moffat, mphunzitsi wa Mawu a Mulungu ku Kuruman, amene anamasulira Baibulo m'chinenero cha Atswana. Chotero Mary anakula akulankhula Chitswana, nazolowera kuphika, kusoka ndi kuphunzitsa ana kumudzi.

M'chaka cha 1844 mkango unagwira Livingstone ku Mabotsa, nuphwanya fupa la mkono wake wamanzere. Iye anapita ku Kuruman kukachira, ndipo kumeneko anafunsira Mary. Ukwati wawo unachitika mu Januwale 1845. Owerenga, musaiwale mkono wophwanyikawu, pakuti tidzakomana nawonso kumapeto kwa nkhani yathu.

Mulungu anawapatsa ana 6. Imfa inayamba kuwayendera m'chaka cha 1850, pamene kamwana kawo kakakazi, Elizabeth, kanamwalira ku Kolobeng kali ndi masabata 6 okha. Kawiri konse Mary anadutsa chipululu cha Kalahari pangolo yokokedwa ndi ng'ombe, ali ndi pakati, ana akulira ndi ludzu. Poona zovuta zimenezi, Livingstone anatumiza mkazi ndi ana ku Britain m'chaka cha 1852, iye natsala kuti ayende maulendo ake.

Ku Britain Mary anali mlendo. Kunali kozizira, ndalama zinali zochepa, ndipo sanamvane bwino ndi apongozi ake. Anakhala zaka 4 osaonana ndi mwamuna wake. Anakomananso kumapeto kwa 1856, koma m'chaka cha 1858 analekananso, pakuti Mary anali ndi pakati pa mwana wotsiriza, Anna Mary. Olemba mbiri amanena kuti kusungulumwa kumeneku kunavulaza mtima wake, kotero kuti anayamba kumwa mowa, ndipo chikhulupiriro chake chinagwedezeka. Tisafulumire kumweruza mayiyu, pakuti katundu amene anasenza anali wolemera ndithu.

Chaka cha misozi

Kumapeto kwa Januwale 1862 sitima inafika pamathiriro a Zambezi. M'menemo munali Mary, atasiya ana ake ku Britain kuti adzakhale ndi mwamuna wake. Munalinso akazi ena awiri: Anne Mackenzie, mlongo wa Bishopu Charles Mackenzie wa ku Magomero, ndi mkazi wa mbusa Henry Burrup. Onse atatu anadza ndi chimwemwe, kuyembekeza kuonana ndi okondedwa awo.

Koma masiku omwewo Bishopu anali kumwalira. Iye ndi Burrup anatsika mtsinje wa Shire kudzachingamira alendowo, koma bwato lawo linagubuduka, ndipo mankhwala awo onse anatayika m'madzi. Malungo anawagwira ali pachilumba, pamene Ruo amathira mu Shire, pafupi ndi Chiromo. Bishopu anamwalira pa 31 Januwale. Burrup, ali wodwala yekha, anatsogolera mapemphero a maliro dzuwa litalowa, ndipo atabwerera ku Magomero anamwalira nayenso m'mwezi wa Febuluwale. Akazi awiri aja anakwera Shire kufikira kwa Chibisa, ku Chikwawa, kumene anamva kuti amene anawadzera ali m'manda.

Livingstone ndi mkazi wake anachedwa ku Shupanga, pakuti anali kulumikiza sitima yatsopano yotchedwa Lady Nyassa, imene inabwera m'zidutswa. Malowo anali otentha, a madambo ndi udzudzu wochuluka. Masiku amenewo anthu sanadziwe kuti malungo amadza ndi udzudzu. Chinsinsi chimenechi chinaululika m'chaka cha 1897. Iwo ankayesa kuti nthendayo imachokera mumpweya woipa wa m'madambo. Mankhwala a kwinini anali nawo, koma Mary atadwala ankasanza kosalekeza, ndipo mankhwalawo sanakhazikike m'mimba. Dotolo John Kirk anayesa nzeru zake zonse, koma zinakanika.

Livingstone anadziwa za nkhawa zimene zinali mumtima mwa mkazi wake. Poona kuti nthawi yafika, anawerama namfunsa ngati anali kudalira Yesu. Mary sanathenso kulankhula, koma anakweza maso kumwamba, ndipo mwamuna wake anakulandira kuyang'ana kumeneko ngati yankho. Dzuwa likulowa pa Sabata, pa 27 Epulo 1862, Mary anatsirizika ali ndi zaka 41. Mbusa James Stewart, amene anali m'chipindamo, anasimba kuti munthu uja amene sanaope mikango ndi mikondo analira ngati mwana. M'mawa mwake anamuika Mary patsinde pa mlambe waukulu. Amenewa ndiwo manda oyamba.

Kulira kwa Mkhristu

Ena amaganiza kuti munthu wokhulupirira sayenera kulira pamaliro. Livingstone anali Mkhristu wolimba, wokhulupirira kuti akufa adzauka, ndi kuti tsiku lina adzaonananso ndi mkazi wake. Koma chikhulupiriro chimenecho sichinatseke misozi yake, monganso Ambuye Yesu analira pamanda a bwenzi lake Lazaro. M'buku lake la tsiku ndi tsiku analemba kuti kanali koyamba m'moyo wake wonse kudzimva wokonzeka kufa. Analembera makalata ana ake ndi apongozi ake, kuwauza za masiku otsiriza a Mary. Anakhala pabanja zaka 17, koma pafupifupi theka la zakazo anakhala otalikirana, ndipo ichi chinawonjeza kuwawa kwa chisoni chake. Sanakwatirenso kufikira imfa yake.

Tsoka silinalekere pomwepo. Mwana wake woyamba, Robert, anakalowa usilikali pankhondo yapachiweniweni ya ku America. Anagwidwa ndi adani, namwalira m'ndende m'chaka cha 1864 ali ndi zaka 18. Atate wake sanaone manda ake.

Mu Juni 1868, ali paulendo wake wotsiriza, Livingstone anapeza kamanda kamodzi m'nkhalango, kosamalidwa bwino ndi eni ake. Anaima nakayang'ana, nalemba kuti manda otero ndiwo amene iye akanakonda: kugona m'nkhalango ya zii, popanda womsokoneza. Pomwepo anakumbukira Mary, amene anagona yekha ku Shupanga. Zaka 6 zinali zitapita, koma bala linali laliwisi.

Ulendo wotsiriza

Ulendo umenewu unayamba m'chaka cha 1866. Cholinga chake chinali kufunafuna gwero la mtsinje wa Nile, ndi kuulula kudziko lonse nkhanza za ogula akapolo. Mwa anthu amene anatsagana naye, awiri tiyenera kuwadziwa bwino. Woyamba ndiye Chuma, Myao, amene anamasulidwa m'goli la ukapolo ali mnyamata m'chaka cha 1861, nakhala ku Magomero. Wachiwiri ndiye Susi, amene analowa ntchito ya Livingstone ku Shupanga komwe kuja kuli manda a Mary.

Mu Januwale 1867 anthu awiri anathawa ndi bokosi la mankhwala, ndipo kuyambira pamenepo thupi la Livingstone linanka lifooka. Kumapeto kwa 1871 Henry Stanley anampeza ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, namdandaulira kuti abwerere kwawo akachire. Livingstone anakana, nati ayambe watsiriza ntchito yake. Stanley anamtumizira onyamula katundu atsopano, ndipo mmodzi wa iwo anali Jacob Wainwright, mnyamata womasulidwa muukapolo amene anaphunzira sukulu ya mishoni ku Nasik, m'dziko la India.

M'dzinja la 1873 ulendowo unalowa m'madambo a nyanja ya Bangweulu. Mvula inagwa usana ndi usiku, ndipo anthu anayenda m'madzi ofika m'chiuno, mwina m'khosi. Livingstone anali kutaya magazi ambiri ndi nthenda ya m'mimba, pamodzi ndi malungo. Poyamba Susi ndi Chuma ankamsenza pamapewa powoloka madzi. Pambuyo pake anampangira machila. Mawu ake otsiriza m'buku analemba pa 27 Epulo 1873, tsiku lomwelo limene mkazi wake anamwalira zaka 11 m'mbuyomo. Analemba kuti wafooka kotheratu, ndi kuti watuma anthu kukagula mbuzi za mkaka.

Pa 29 Epulo anafika m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko la Alala, nammangira kanyumba ka udzu. Mbandakucha wa pa 1 Meyi, mnyamata Majwara, amene anali kumlonda, anathamanga kukadzutsa Susi. Atalowa anapeza kandulo ikuyaka, ndipo mbuye wawo ali chogwada pambali pa kama, mutu uli m'manja. Anadikira pang'ono, poyesa kuti akupemphera. Mmodzi anamkhudza patsaya, napeza kuti wazizira. Anali ndi zaka 60.

Upo wa kwa Chitambo

Taganizani, owerenga, za anthu amenewa. Anali oposa 60, amuna ndi akazi, ali m'dziko la eni, mtunda wa mailosi oposa 1,000 kuchokera kunyanja yamchere. Panalibe Mzungu wowalamula, panalibenso wowalonjeza mphotho. Akanatha kukumba dzenje, kuika mtembo, kugawana nsalu ndi mfuti, aliyense n'kulowera kwake.

Ndiponso zikhulupiriro zawo zinali zosiyana. Ambiri mwa iwo, monga Susi, anali Asilamu, ndipo mwambo wa Chisilamu umati womwalira asambitsidwe, akulungidwe m'nsalu yoyera, ndi kuikidwa msanga atayang'ana ku Mecca. Ena, monga Wainwright, anali Akhristu, amene amati thupi ndi fumbi lobwerera kufumbi, ndipo Mulungu adzaliukitsa kulikonse kumene ligone. Onsewo anakulira m'miyambo ya makolo, imene imati munthu akafa mzimu wake ukhalabe ndi moyo, ndipo uyenera kugonekedwa bwino ndi abale ake, kumanda a kwawo. Mwa miyambo yomweyo mtembo ndi chinthu choopsa, ndipo mudzi uliwonse umakana kuti mtembo wa mlendo udutse pakati pake, kuopa tsoka.

Panalinso chifukwa china. M'chaka cha 1866 anthu ena anathawa paulendo womwewu, nakanama ku Zanzibar kuti Livingstone waphedwa ndi Angoni pafupi ndi nyanja ya Malawi. Bodzalo linaululika chaka chotsatira. Susi ndi Chuma akanafika kugombe chimanjamanja, ndani akanawakhulupirira?

Anthu onse anasonkhana nasankha Susi ndi Chuma kuti akhale atsogoleri. Anapangana kuti mtembo upite kwa abale ake. Kwathu kuno anthu amene amakonza mtembo, kukumba manda ndi kunyamula chitanda timawatcha adzukulu. Anthu awa anadzipereka kukhala adzukulu a mlendo wa mtundu wina, pamtunda umene adzukulu ena sanayendepo.

Poyamba anafuna kubisa malirowo, kuopa kuti mfumu iwalipitsa mlandu waukulu. Koma Chitambo anamva, nawaitana, nawauza kuti asaope, pakuti imfa imagwera apaulendo kawirikawiri. Mfumuyo inadza itavala nsalu yofiira, pamodzi ndi akazi ake ndi anthu ake atanyamula mauta ndi mikondo. Analira maliro mwa mwambo wawo, ng'oma zikulira, anyamata a Livingstone akuwomba mfuti. Akuluakulu amati maliro n'kulirana, ndipo Alala analira munthu amene anakhala m'mudzi mwawo masiku awiri okha.

Tsono anamanga mpanda kunja kwa mudzi, ndi kanyumba kopanda denga m'kati mwake. Munthu wina dzina lake Farijala, amene anagwirapo ntchito kwa dotolo ku Zanzibar, anatumbula mtembowo, nachotsa mtima ndi zam'kati. Zimenezi anaziika m'kabokosi kachitsulo, nazikwirira patsinde pa mtengo wa muula, umene anthu a kumeneko amautcha mpundu. Wainwright anawerenga mapemphero a maliro m'buku, onse ali chiimire, Akhristu ndi Asilamu omwe. Pambuyo pake anasema dzina la Livingstone pamtengowo. Amenewa ndiwo manda achiwiri.

Thupilo analithira mchere, naliyanika padzuwa masiku 14, alonda akulilondera usiku kuopa afisi. Litauma anapinda miyendo kuti lifupike, nalikulunga m'nsalu, naliika m'khungwa la mtengo, nasokera chinsalu cholimba pamwamba, nalimangirira kumtengo kuti anthu awiri azisenza.

Ulendo wa mtembo

Ananyamuka m'mwezi womwewo wa Meyi. Posakhalitsa matenda anawagwira ambiri, kotero kuti anaima pafupifupi mwezi wathunthu. Anawoloka mtsinje waukulu wa Luapula. Pamudzi wina anakanizidwa kulowa, ndipo panabuka nkhondo. Anthu okwana ngati 10 anafera m'njira. Pakati pa oyendawo panali akazi, monga Halima, amene ankaphikira Livingstone, ndi Ntaoeka. Iwowa anayenda mtunda wonse pamodzi ndi amuna.

Mu Okutobala anafika ku Unyanyembe, pafupi ndi Tabora, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko anakomana ndi Verney Cameron, msilikali wa pamadzi wa ku England, amene anatumidwa kudzathandiza Livingstone. Iyeyu anawalangiza kuti aike mtembo pomwepo, pakuti njira ya kutsogolo inali yoopsa. Susi ndi Chuma anakana mwaulemu, napitirira.

Atafika ku Kasekera, eni mudzi anakana kuti mtembo udutse m'dziko mwawo. Apa atsogoleri aja anachita nzeru. Anamanga mtolo wa mapesi a mapira wofanana ndi mtembo, natuma anthu kuti aunyamule poyera, ngati akubwerera nawo ku Unyanyembe kukauika. Usiku anthuwo anamwaza mapesiwo m'thengo, nabwerera mmodzimmodzi. Mtembo weniweni anaumanga ngati mtolo wa nsalu zamalonda, nauika pakati pa akatundu ena.

Mu Febuluwale 1874, patapita miyezi 9, anafika ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja yamchere. Ansembe a Chikatolika a pamishoni ya pamenepo analandira mtembowo naugoneka m'tchalitchi mwawo, ngakhale Livingstone sanali wa mpingo wawo. Kuchokera apo sitima inautengera ku Zanzibar. Onyamula aja analandira malipiro awo a ntchito, nauzidwa kuti azipita. Mendulo zowathokoza zinakonzedwa pambuyo pake, koma ambiri anali atabalalika kale.

Manda achitatu

Mtembo unafika ku England pa 15 Epulo 1874. Nkhope sinali yozindikirika, ndipo ena anakayika ngati analidi Livingstone. Madotolo anapima mkono wamanzere, napeza fupa lija limene mkango unaphwanya ku Mabotsa zaka 30 m'mbuyomo. Pamenepo kukayika konse kunatha.

Pa 18 Epulo anamuika m'tchalitchi chachikulu cha Westminster Abbey, mmene mumagona mafumu ndi anthu omveka a dzikolo. Jacob Wainwright anali mmodzi wa ogwira bokosi. Nkhalamba Robert Moffat inali pomwepo, kuika mkamwini wake, iyo imene sinathe kuika mwana wake Mary. Susi ndi Chuma sanaone mwambowo, pakuti panalibe amene anawalipirira ulendo panthawi yake. Anafika patapita masabata angapo, ataitanidwa ndi James Young, bwenzi la Livingstone. Iwowa ndiwo anafotokozera Horace Waller zonse za masiku otsiriza, ndipo zambiri zimene tawerengazi tikuzidziwa chifukwa cha iwo. Chuma anamwalira ku Zanzibar m'chaka cha 1882. Susi anabatizidwa m'chaka cha 1886, nasankha dzina lakuti David, ndipo anamwalira m'chaka cha 1891.

Pamaliro a ku London panalinso James Stewart, mbusa uja anaika Mary ku Shupanga. Iye anapempha mpingo wa ku Scotland kuti chikumbutso cha Livingstone chikhale mishoni m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Mu Okutobala 1875 sitima yotchedwa Ilala, dzina la dziko limene Livingstone anafera, inafika ku Cape Maclear, ndipo mishoni ya Livingstonia inayamba. Chaka chotsatira inayamba mishoni ya Blantyre, yotchedwa dzina la mudzi umene iye anabadwira. Mtengo wa muula uja unayamba kuwola, ndipo unadulidwa m'chaka cha 1899. Chigawo chokhala ndi malembo chinatumizidwa ku London, ndipo pamalopo anamangapo chipilala m'chaka cha 1902.

Funso lotsala

Kodi Susi ndi Chuma anachita bwino? Livingstone mwini wake anakhumba manda a m'nkhalango, koma ana ake anafunikanso malo olirirapo atate wawo. Anyamata aja anasiya mtima pansi pa mtengo m'dziko limene iye analikonda, napereka thupi kwa eni ake, ndipo mbali zonse ziwiri zinalandira gawo lake. Za Mary anthu sakamba zambiri. Manda ake ali chikhalire ku Shupanga, kumene lero kumalembedwa Chupanga, ndipo owayendera ndi ochepa.

Masiku ano abale athu ambiri amafera kutali, ku Johannesburg, ku Harare, ngakhale kutsidya kwa nyanja. Anzawo amasonkha ndalama, nabwereka galimoto, nayenda usana ndi usiku kuti mtembo ukagone kumudzi. Pamaliro otero mumapeza Mkhristu, Msilamu ndi wa miyambo ya makolo atakhala pamphasa imodzi. Mukadzaona zimenezi, kumbukirani anthu aja amene ananyamuka kwa Chitambo mu Meyi 1873, nafika ku Bagamoyo patapita miyezi 9, mtembo wa mlendo uli pamapewa.